Kodi timagemu ta indie n'toyeneradi kutayirapo madola athu?

Chimwene wa ku Mabvuku:
Abale anga, ndithandizeni nzeru kuno ku Harare. Mwezi uno ndapulumutsa timadola 20, ndiye ndati ndidzisangalatseko ndi gemu. Mphwanga akundiumiriza kuti ndigule timagemu ta indie, tija topangidwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu kakang'ono, pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a pa kompyuta, akuti ndalama imeneyi ingandipatse tiwiri kapena titatu. Koma ndikaona zithunzi zake mtima ukukana, tianthu take n'tamabokosimabokosi. Inu amene munatisewerapo, ndiuzeni zoona: tilidi bwino, kapena ndizingosunga pang'onopang'ono mpaka zikwane FC, gemu ya mpira ija?

Wokonza mafoni m'tauni:
Sungani ndalamayo akulu. Gemu ndi imene mumaitanira anzanu Loweruka, mapadi awiri, woluza adzuke apatse mnzake mpando. Pa shopu pano anthu amabwera tsiku ndi tsiku kudzaikitsa magemu, koma sindinamvepo wina akuti ndiikireni indie. Ndi FC, GTA, Mortal Kombat, Need for Speed, basi.

Mwana wa pa UZ:
Bigi, munthu angapemphe bwanji chinthu chimene sanachimvepo? Koma tisanapite patali, achimwene a ku Mabvuku, makina anu ndi otani?

Chimwene wa ku Mabvuku:
Laputopu yakale, Core i3, RAM 4GB. Khadi la magirafiki mulibe. Batire ndinasinthitsa chaka chatha.

Mwana wa pa UZ:
Ndiye FC muiiwale kaye, ngakhale wina atakupatsani ulere. FC 25 ya pa kompyuta inatuluka pa mtengo wa $69.99, imafuna malo okwana 100GB komanso khadi la magirafiki lenileni. Pa laputopu yanuyo siyenda n'komwe. Call of Duty nayonso imadutsa 100GB. Tangoganizani bandulo imene ingatsitse zimenezo, kenako gemu yomweyo ikufunanso apudeti musanagwire n'komwe padi.

Tsono onani mbali inayi. Stardew Valley imafuna 500MB. Undertale 200MB. Papers, Please 100MB. Zonsezi mutha kutsitsa pa Wi-Fi ya kuntchito nthawi ya nkhomaliro, ndipo mukaziika zimaseweredwa popanda intaneti, Steam ili ndi njira yotsegulira mulibe netiweki. Magetsi akapita, PlayStation imangokhala chokongoletsa pa tebulo, pomwe laputopu yokhala ndi kagemu kopepuka imapitirira pa batire. Ine ndimaona kuti anthu a kuno timagemu timeneti tikutiyenera kuposa a ku Ulaya amene magetsi sawathimira.

Wokonza mafoni m'tauni:
Ndiye mukuvomereza kuti ndi magemu a amphawi.

Mwana wa pa UZ:
Minecraft inayamba ndi munthu mmodzi, Markus Persson, ku Sweden. Mu 2014 Microsoft inagula kampani yake pa madola 2.5 biliyoni. Umphawi wake ndi umenewo.

Chemwali wa ku Glen Norah:
Pa Stardew Valley ndilankhulepo ine, chifukwa ndi imene yandidyera tulo. Anaipanga ndi Eric Barone, yekhayekha, kwa zaka zopitirira zinayi. Zithunzi, nyimbo, nkhani, zonse za dzanja lake. Inatuluka mu 2016 ndipo mtengo wake pa Steam ndi $14.99, pa foni ndi $4.99. Nkhani yake n'njosavuta: agogo akusiyira munda wathengo, iwe wasiya ntchito ya muofesi, ukalime. Umabzala, kuthirira, kuweta nkhuku, kuwedza nsomba, kulowa m'migodi, kudziwana ndi anthu a m'mudzimo mpaka kukwatira ngati ukufuna.

Chimene chimandichititsa kuti ndimulemekeze munthuyu n'chakuti chiitulutsireni gemuyi wakhala akuwonjezera zinthu osalipiritsa. Apudeti ya 1.6 inabwera mu 2024, zaka zisanu ndi zitatu gemu itatuluka, yaulere. Amene anagula mu 2016 sanawonjezerepo kakobiri. Yerekezani ndi gemu ya mpira imene chaka chilichonse mumagula ina chifukwa osewera asintha matimu.

Malume a ku Highfield:
Iwe mwana, makolo ako anathawa khasu ku Dedza kubwera kuno, iwe n'kukagulanso khasu la pa kompyuta ndi madola?

Chemwali wa ku Glen Norah:
A malume, la pa kompyutali silitupitsa manja, ndipo mvula yake sinama.

Malume a ku Highfield:
Haha, chabwino. Koma nane ndili ndi kanga, musadabwe. Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi ya pamsewu, Harare kupita ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Pa boda munthu umakhala nthawi yaitali kudikira mapepala a katundu. Mwana wanga wamkulu anandiikira Papers, Please pa foni, akuti bambo iyi ndi yanu.

Mu gemu imeneyi iwe ndiwe wa pawindo, wodinda mapasipoti. Dziko lake ndi longopeka, Arstotzka, chaka chake 1982. Anthu amabwera mmodzimmodzi, iwe uyang'ane chithunzi, tsiku lothera pasipoti, chidindo, dzina ngati likufanana ndi la pa chilolezo. Amakulipira potengera anthu amene wawathandiza molondola tsikulo, ukalakwitsa kangapo amakudula. Madzulo ndalamayo uigawe: lendi, chakudya, moto wofunditsa m'nyumba, mankhwala a mwana akadwala. Ndipo malamulo amasintha pafupifupi m'mawa uliwonse, lero akufuna tikiti, mawa chilolezo, mkuja ziphaso za katemera.

Pamene panandigwira mtima ndi apa. Pamabwera bambo wina mapepala ake ali bwinobwino, n'kunena kuti mkazi wanga ali pambuyopa, mumuchitire chifundo. Mayiyo akafika, pepala limodzi palibe. Ukamulowetsa, walakwira lamulo ndipo chikalata chokudzudzula chituluka. Ukamubweza, walekanitsa banja. Ine moyo wanga wonse ndakhala mbali ya kunja kwa windo lija, ndikung'ung'udza pamzere. Gemuyi inandikhazika mkati. Sikuti tsopano ndimakonda kudikira ayi, koma nkhope ya munthu wa pawindo ndimaiona mwanjira ina.

Anaipanga ndi munthu mmodzi, Lucas Pope, mu 2013, ndipo ili ndi mathero 20 osiyanasiyana malinga ndi zimene wasankha. Zithunzi zake n'zonyansa kuposa zimene mukudandaula nazozo, achimwene. Koma kampani yaikulu siingaike madola mamiliyoni pa gemu yodinda mapasipoti. Zoterezi zimachokera kwa anthu ang'onoang'ono omwewa, amene alibe bwana wowauza kuti izi sizigulika.

Adimini:
Ndimaganiza kuti a malume foni amangoyimbira ndi kumvera nyimbo za kwaya. Lero taphunzira.

Wokonza mafoni m'tauni:
A malume ndakumvani ndipo sinditsutsa. Koma onse mukutchula magemu omweomwewo amene anatchuka. Stardew, Papers, Minecraft. Nanga enawo? Ine ndinagulapo kagemu kena kamene kanali kasanamalizidwe, aja amati Early Access, opanga ake akulonjeza kumwamba ndi pansi. Patapita miyezi anangoti zii, mpaka lero gemu ili theka. Dola kuno sitola pansi. Ndi FC ndimadziwa chimene ndikugula.

Mwana wa pa UZ:
Apa ndiye mwanena zoona bigi, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Kuika gemu pa Steam kumangofuna $100, ndiye aliyense amaika. Mu 2023 mokha munatuluka magemu opitirira 14,000. Ambiri mwa amenewo palibe amene amawasewera, ndipo ambiri ndi oipadi. Steam ndi kaunjika wa ku msika wa Mupedzanhamo: jekete labwino lilimo, koma wongotola chapamwamba amapita kunyumba ndi sanza.

Ndiye pofukula pamafunika maso. Ine ndisanagule ndimayang'ana ndemanga za anthu, osati chiwerengero chokha koma kuwerenga zoipazo, chifukwa wodandaula ndi amene amakuuza ngati gemu imaima pa makina ofooka. Mukaona palembedwa Overwhelmingly Positive ndiye kuti anthu osachepera 500 anapereka maganizo ndipo 95 mwa 100 alionse anaikonda. Early Access ndimaipewa pokhapokha ngati zimene zilipo lero zikukwanira mtengowo, malonjezo sindigula. Ndipo ambiri sadziwa kuti Steam imabweza ndalama: ngati simunadutse maola awiri mukusewera, komanso sipanathe masiku 14 chigulireni, mumapempha ndipo amabweza. Palinso Steam Next Fest, imachitika mu February, June ndi October, pamene opanga amatulutsa mademo aulere ambirimbiri kuti anthu alawe.

Chemwali wa ku Glen Norah:
Za kubwezazo zili ndi vuto lake. Pali timagemu tina tabwino kwambiri timene timatha maola awiri asanakwane. A Short Hike, ya Adam Robinson-Yu, ndi $7.99, umakhala kambalame kokwera phiri kukafuna netiweki ya foni, madzulo amodzi wamaliza. Anthu ena amasewera mpaka kumapeto, kusangalala, kenako n'kupempha ndalama yawo. Kumeneko ndi kuba, ngakhale lamulo likulola.

Wokonza mafoni m'tauni:
Madola 8 pa maola awiri? Chemwali, imeneyo ndi ndalama ya kombi ya masiku angapo. FC ndimasewera chaka chathunthu. Tawerengani pa ola, muone yotchipa ndi iti.

Chemwali wa ku Glen Norah:
Tikawerengera pa ola ndiye mwaluza kale achimwene, chifukwa Terraria ndi $9.99 ndipo anthu akhala akuisewera kuyambira 2011. Koma ine muyeso wa maolawo sindigwirizana nawo. Ndimaweruka kuntchito kutada, ndiphike, ndione homuweki ya ana a mchemwali wanga. Nthawi yanga ndi yochepa kuposa ndalama zanga, ngakhale zonse n'zochepa. Gemu imene imafuna maola 80, theka lake kukutuma kukatola zinthu uku ndi uku kuti ioneke yaitali, imeneyo ndiye yondidyera. Ya maola awiri imene ndimaikumbukirabe sinandibere kanthu.

Wokonza mafoni m'tauni:
Koma Stardew yanuyo mwati yakudyerani tulo.

Chemwali wa ku Glen Norah:
Tulo take ndinapereka ndekha, mwaufulu.

NaPhiri wa ku Mufakose:
Pepani ndilowerereko ngakhale sindisewera. Ine ndine kholo, ndiye funso langa ndi lina. Mnyamata wanga ali Fomu 2, foni ikakhala m'manja ndi Free Fire basi. Amati ndi yaulere, koma bandulo imatha ngati madzi, ndipo mwezi ndi mwezi akupempha ndalama yogulira zovala za kamunthu ka mu gemu. Timagemu mukunenati tikusiyana pati? Sindikufuna kuchotsa vuto lina n'kubweretsa linzake.

Mwana wa pa UZ:
Mayi, kusiyana kwake kuli pa mmene wopangayo amapezera ndalama. Gemu yaulere ya pa intaneti imadya pokhapokha mwana akamabwerera tsiku lililonse, n'chifukwa chake mumakhala mphatso za tsiku ndi tsiku, zinthu zimene akuti zitha mawa, ndi anzake omuseka kuti alibe chovala chatsopano. Inapangidwa kuti isathe. Gemu yogula kamodzi, wopangayo walandira kale zake, alibe chifukwa chomukokera mwana m'thumba mwanu. Zambiri zili ndi mathero, ndipo sizifuna data.

Sindikunena kuti indie iliyonse ndi yoyera. Vampire Survivors ndi yaulere pa foni ndipo imakoka koopsa, umati kamodzi kokha, kuzindikira tambala akulira. Koma ulendo umodzi umatha pa mphindi 30, ndiye n'kosavuta kupangana ndi mwana kuti kamodzi basi. Anaiyamba ndi Luca Galante, ankaigulitsa $2.99 poyamba, ndipo mu 2023 inatenga mphoto ya BAFTA ya gemu yopambana, kugonjetsa Elden Ring ndi God of War Ragnarök. Wokonza mafoni amve bwino pamenepo.

NaPhiri wa ku Mufakose:
Nanga ina ija ndinaiona pa foni ya mlamu wanga, ya makadi ngati juga? Ine zija zimandiopsa. Kandege kamaliza anthu m'dera lathu lino, ena mpaka kugulitsa katundu wa m'nyumba.

Mwana wa pa UZ:
Imeneyo ikhala Balatro. Imagwiritsa ntchito makadi ndi malamulo a poker, koma simubetcha ndalama, simuwina ndalama, ndipo mulibe chogula mkati. Umangosonkhanitsa majoka amene amachulukitsa mapointi, kwenikweni ndi masamu. Ku Ulaya bungwe loika zaka pa magemu, PEGI, linaiika pa zaka 18 chifukwa cha maonekedwe a jugawo, kenako linatsitsa kufika pa 12 eni ake a gemuyo atadandaula. Komabe kwa mwana wa Fomu 2, m'dera limene kandege kali pakamwa pa aliyense, ine sindingayambire imeneyo. Muyambitseni Stardew kapena Terraria.

Malume a ku Highfield:
NaPhiri, chachikulu muzikhala naye pafupi muone chimene akusewera. Mwina mupezeka mwalanda foni n'kuyamba kuthirira kabichi inuyo.

NaPhiri wa ku Mufakose:
A malume, dimba lenileni likundidikira kuseri kwa nyumba, madzi ake ochita kukatunga ku mjigo. Koma ndamva, zikomo nonse.

Mlongo wa ku Joni:
Ndalowa mochedwa. Palibe amene watchula Hollow Knight? Anthu atatu okha a Team Cherry ku Adelaide, Australia, 2017, $14.99. Zithunzi zake ndi zojambula pamanja, ndiye amene akudandaula za mabokosi apa alibe chonena. Dziko lake ndi la tizilombo pansi pa nthaka, lalikulu moti umasochera, ndipo anawonjezera zigawo zinayi zaulere. Yotsatira yake, Silksong, anthu anaidikira zaka zambiri, itatuluka pa 4 September 2025 pa $19.99 anthu anathamangira kugula mpaka Steam inayamba kukanika kutsegula. Pa nthawi imene makampani akuluakulu akukweza mitengo kufika $70 ndi $80, iwo anaika 20.

Chemwali wa ku Glen Norah:
Muwachenjezenso kuti ndi yovuta. Ine ndinafika pa bosi wina, mdani wamkulu wa mu gemu, n'kuisiya, mtima unkachita kuthamanga. Munthu wotopa ndi ntchito sufunanso kukalipidwa ndi kachilombo.

Mlongo wa ku Joni:
Kuvutako ndiye ndiwo zake. Koma amene safuna kulira ayese Celeste, muli Assist Mode, umatha kuchepetsa liwiro la gemu kapena kudzipanga wosafa. Opangawo anaika dala kuti aliyense afike pamwamba pa phiri.

Wokonza mafoni m'tauni:
Tsono ndifunse funso limene nonse mukulizemba. Magemu onsewa ndingawapeze ulere. Flashi imodzi, mphindi khumi, onse alowa. Bwanji munthu wa ku Mabvuku atulutse madola 15 kupatsa mzungu amene ali kale ndi mamiliyoni?

Adimini:
Funsolo lili bwino, koma malinki a magemu okuba pagulu pano ayi. Lamulo lija likadalipo.

Mwana wa pa UZ:
Eric Barone sagona ndi njala chifukwa cha inu, zimenezo n'zoona, gemu yake yagulidwa makope opitirira 40 miliyoni. Koma iye ndi mmodzi pa zikwi. Wopanga wamba amagulitsa makope ochepa, Steam n'kutengapo 30 pa 100 iliyonse, wofalitsa ngati alipo atengeponso, msonkho, zotsalazo agawane ndi wojambula ndi woimba. Kwa ameneyo anthu 200 ogula ndi amene amanena ngati apange ina kapena akafune ntchito ku banki.

Ndipo si azungu okha. Semblance inapangidwa ku Johannesburg ndi Nyamakop, anyamata amene anaiyamba ali pasukulu pa Wits, inatuluka mu 2018 mpaka pa Nintendo Switch. Ku Cape Town kuli Free Lives, amene anapanga Broforce mu 2015 ndi Terra Nil mu 2023, gemu imene m'malo momanga mzinda umabwezeretsa mitsinje ndi nkhalango pamalo owonongeka. Ku Cameroon Kiro'o Games inatulutsa Aurion mu 2016. Ine pano ndikuphunzira Godot, pulogalamu yaulere yopangira magemu, ndipo imayenda pa laputopu ngati ya achimwene a ku Mabvukuyi. Tsiku lina ndikadzatulutsa kanga, ka kondakitala wa kombi wosowa chenji, mudzakaikanso pa flashi?

Wokonza mafoni m'tauni:
Kako ndidzagula, koma undichotsereko.

Mlongo wa ku Joni:
Komanso za flashizo zimabwera ndi alendo. Msuweni wanga anaikitsa magemu kwinakwake m'tauni, laputopu inayamba kutentha ngati mbaula ngakhale asakuigwiritsa ntchito, mapeto ake akaunti yake ya imelo inalowedwa. Ndalama imene anawononga pokonzetsa ikanagula magemu angapo.

Amene alibiretu ndalama njira zoyera zilipo. Epic Games Store imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, Lachinayi, ukaitenga ndi yako mpaka kalekale. Celeste yomweyi anaiperekapo ulere mu 2019, GTA V mu 2020. Pa itch.io pali zambiri zaulere ndi zina zoti ulipire zimene ungathe. Among Us pa foni ndi yaulere.

Malume a ku Highfield:
Ine maganizo anga ndi awa. Amene alibe, alibe, sindingamuweruze. Koma amene ali ndi ya mowa wa Lachisanu ali nayonso ya gemu. Ukadya kwa munthu n'kukhuta, usatuluke chozemba.

Chimwene wa ku Mabvuku:
Mwanditsegula m'maso ndithu. Ndiye ndichite bwanji, ndigule lero kapena ndidikire seli imene mphwanga amanenayo?

Mwana wa pa UZ:
Seli zikuluzikulu za Steam zimakhala kumapeto kwa June ndi kumapeto kwa December, palinso zina pakati. Hollow Knight ndi Terraria zimatsika mpaka theka, Papers, Please ndi Undertale nthawi zina kupitirira pamenepo. Ikani zimene mukufuna pa wishlist, mndandanda wa zimene mukufuna kudzagula, mtengo ukatsika amakutumizirani uthenga. Madola 20 pa seli angakupatseni atatu kapena anayi abwino.

Chemwali wa ku Glen Norah:
Apa ndiye ndikutsutseni. Seli ndi imene imawonongetsa ndalama kuposa gemu yodula. Munthu umaona $2.49, $1.99, $3.74, uli eee zatchipa, n'kudzaza ngolo. Pakutha pa chaka uli ndi mulu wa magemu amene sunawatsegulepo. Funsani aliyense amene ali ndi akaunti ya Steam yakale akuuzeni kuti ndi angati amene anawamaliza. Gemu ya madola awiri imene sunaisewere yakudyera madola awiri, ya 15 imene waisewera miyezi sinakudyere kanthu.

Achimwene, gulani imodzi. Imodzi yokha. Muisewere mpaka muimalize kapena itakukwanani, kenako muganize za ina. Chenji musunge.

Mlongo wa ku Joni:
Chemwali akunena ine pamenepa, ndangokhala chete.

Chimwene wa ku Mabvuku:
Imodziyo ndiye iti? Kulima sindikufuna, ndinalima mokwanira kwa agogo ku Ntcheu pa holide. Ya a malume ija yandikopa, koma ndikuopa kuti ndikaweruka kuntchito ndizikalowanso ntchito ina.

Malume a ku Highfield:
Ndi ntchitodi mphwanga, sindikunamiza. Umatuluka thukuta. Ngati ukufuna yopumira, imeneyi ayi.

Mwana wa pa UZ:
Ndiye zikutengera chimene mumakonda. Ngati ndi nkhani ndi nthabwala, Undertale ya Toby Fox, $9.99, gemu imene mutha kuimaliza osapha mdani ngakhale mmodzi, ndipo imakumbukira zimene munachita. Koma Chingerezi chake n'chambiri, ndi yowerenga. Ngati ndi kumenya ndi kufufuza, Hollow Knight, koma pa i3 ya 4GB ili pamalire, ndiye muiyese msanga maola awiri aja asanathe, ikamadukiza mubweze. Ngati mukufuna ya anzanu Loweruka monga amanenera bigi, Broforce imalola anthu anayi pa sikirini imodzi, kuphulitsa chilichonse, ndipo nthawi zambiri umaphedwa ndi mnzako yemwe.

Wokonza mafoni m'tauni:
Anthu anayi pa laputopu imodzi? Bwanji simunayambire pamenepo m'malo mondiuza za nkhuku ndi mapasipoti?

Chimwene wa ku Mabvuku:
Ndiyamba ndi Vampire Survivors pa foni poti ndi yaulere, ndione ngati maso anga angazolowere mabokosiwo. Kenako Broforce. Koma kulipira kwake mumatani? Ndalama yanga ili pa foni.

Mwana wa pa UZ:
Pamafunika khadi la Visa kapena Mastercard la madola limene limaloledwa kugula kunja. Makhadi olipiriratu aja amagwira, umangoikamo ndalama imene ukufuna kugwiritsa ntchito. Muikemo yopitirirako pang'ono, chifukwa banki imadulapo zake, mukaika 15 yeniyeni pa gemu ya $14.99 ikhoza kukana. Ndipo musagule akaunti ya Steam kwa munthu, ngakhale atati muli magemu 50 pa madola 10. Malamulo a Steam salola kugulitsana maakaunti, ndipo mwini wake woyamba atha kuilanda nthawi iliyonse chifukwa imelo yoyambirira ndi yake. Tsegulani yanu, ndi ulere.

NaPhiri wa ku Mufakose:
Ya pa foni ya kulima ija nayonso imafuna khadi lomwelo?

Mwana wa pa UZ:
Eya mayi, pa Play Store mumalumikiza khadi. Mukagula mulichotsepo, kapena muike kuti izifunsa pasiwedi pa kugula kulikonse, apo ayi mnyamatayo avekera kamunthu kake ka Free Fire suti ya ukwati.

Adimini:
Popeza nkhani yafika pa anthu anayi sikirini imodzi, bwanji tikumane Loweruka likubwerali masana? Kwathu kuli sola, magetsi asatidetse nkhawa. TV ilipo, chingwe cha HDMI chilipo. Akusowa ndi mapadi.

Wokonza mafoni m'tauni:
Mapadi ndibweretsa atatu, limodzi batani la X limalimba koma likugwira. FC ndibweretsanso, kuti indie yanuyo ikatitopetsa tisasowe chochita.

Mlongo wa ku Joni:
Ine ndili kutali, munditumizire kavidiyo bigi akaphedwa ndi a malume.

Malume a ku Highfield:
Loweruka ndikhala ndili pa Nyamapanda. Sunthirani Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndipo padi lolimba batanilo musandipatse ine.